Lichero la Ajeremani

Ine ndege yeniyeni sindinakwerepo. Ku Joni ndinapita pa basi, ndinabweranso pa basi, miyendo itatupa mpaka nsapato kuzinyamula m'manja. Koma kuno kwathu kufupi ndi mtsinje wa Likangala mukafunsa za munthu wa ndege, aliyense akulozerani nyumba yanga. Lero dzinali timaseka nalo, koma linangotsala pang'ono kundichotsa m'nyumba imeneyi. Ndine mkamwini ine. Kobadwira ndi kwa Kuntumanji, kuno ndinabwera ndi ukwati, ndipo nyumba imene ndinaikhetsera thukuta zaka zonse za kunja ili pa dothi la akuchikazi. Akakuuza kuti nyamuka, malata sunyamula.

Ndinachoka nthawi imene nyanja ya Chilwa inaphwa mpaka mabwato kukhala pamatope. Ine ndinali msodzi wa matemba, ndiye msodzi wopanda madzi ndi munthu wanji? Mkazi wanga Asiyatu anandiperekeza mpaka ku Zomba, mwana wathu Shakira ali kumbuyo. Sanalire. Anangondipatsira mpunga wophika m'kontena n'kunena kuti, "Bambo a Shakira, mukakafika musakaiwale kuti nyumba ija ikudontha." Ndinaseka, koma basi itangonyamuka ndine amene ndinayamba kupukuta m'maso.

Ku Joni tinkagona mothithikana m'kachipinda ngati matemba pa thandala. Kuzizira kwake kunkalowa mpaka m'mafupa, ndipo ukamva galimoto ya apolisi mtima unkagunda ngakhale sunalakwe kanthu. Ndinagwira maganyu a mitundu yonse, kukumba, kupenta, kusambitsa agalu a eni ake. Chimene chinandisunga ndi Yusufu, Myao wa ku Mangochi, wamfupi, wolongolola ngati wailesi. Iye ankasamala maluwa kwa mzungu wina wokalamba amene tonse tinkangomutcha Madala. Tsiku lina anabwera akupuma wefuwefu.

"Achimwene, sambani! Madala akufuna munthu wa manja osanjenjemera. Ndawauza kuti inu mumasoka maukonde."

"Ntchito yanji?"

"Yopanga ndege."

Ndinaganiza kuti Yusufu wayamba kusuta zija. Koma nditalowa m'galaji ya Madala ndinangoti kukamwa yasa. Ndege zinali paliponse, pamashelefu, pamatebulo, zina zikulendewera pa ulusi, ndipo yaikulu kwambiri inali yosaposa mkono wanga. Madala mwiniwake anali wamtali, wa ndevu zoyera, manja ake akugwedezeka moti tiyi ankamwa theka, theka lina akumwetsa malaya. Dzina langa linamukanika, ndiye anangonditcha Malawi.

Ntchito inali yotere. Pali mankhwala awiri amadzimadzi, ukawasakaniza amatchedwa rezini. Umawathira m'chikombole cha labala, monga momwe timaumbira njerwa, kungoti chikombolecho chili ndi maonekedwe a phiko kapena thupi la ndege. Rezini amayamba kutentha yekha, kenako amauma gwa, ndipo umamusolola atasanduka chidutswa cha ndege. Zidutswazo tinkazilonga m'timabokosi n'kuzitumiza kwa azibambo a kunja, anthu a imvi zawo, kuti akazilumikize okha kunyumba. Ine zimenezi zinandiseketsa mwezi wathunthu. Kwathu munthu wamkulu akamasewera ndi galimoto ya mawaya amamumanga.

Tsiku loyamba ndinatakasa rezini modekha ngati phala la mwana, ndikuchotsa thovu bwinobwino monga anandiuzira. Pofuna kuthira ndinapeza wauma kale m'kapu, kamtengo kotakasira katangoima chilili pakati. Ndinati basi ntchito yatha. Madala anaseka mpaka kutsokomola, anatenga kapuyo n'kuiika pashelefu pakati pa ndege zake, ati ndi chikho changa choyamba. Kuyambira pamenepo ndinadziwa kuti rezini sadikira munthu, komanso kuti mkuluyu tikhalitsana.

Anali munthu wabwino m'njira zakezake. Mwezi wa Ramadhani ankakadyera masoseji ake kuseri kwa nyumba kuti fungo lisatipeze, ndipo madzulo ankatisiyira zipatso za tende pa tebulo. Ine ndi Yusufu tinkayala mkeka woswalira m'galaji momwemo, ndege zankhondo zikulendewera pamitu pathu. Malipiro akabwera ndinkathamangira kwa otumiza katundu. Malata anapita, njinga inapita, matiresi anapita, ndipo Asiyatu ankandiuza pa foni kuti khoma lafika pa windo, kenako kuti lafika pamwamba.

Patapita nthawi ndi pamene ndinazindikira kuti ndege zambiri m'galajimo sizinaulukepo, ngakhale zazikulu zake kunalibe. Madala anandifotokozera kuti nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ili pafupi kutha, Ajeremani ataona kuti zinthu zawavuta, akatswiri awo ankangojambula ndege zachilendo pamapepala, kuganiza kuti mwina ina iwapulumutsa. Nkhondo inatha, mapepala anatsala. Ndinamufunsa kuti nanga akuvutikiranji ndi ndege zimene eni ake sanazipange. Anati ndege zankhondo zimene amazikonda iye ndi zokhazi, chifukwa sizinagwetsere bomba pa nyumba ya munthu. Chizindikiro cha chipani chankhanza cha nthawi imeneyo sankachimata pa ndege iliyonse, ngakhale ogula ena ankadandaula.

Ndiye kunabwera lichero. M'mawa wina Madala anatambasula pepala lalikulu patebulo. Ndegeyo inalibe mapiko otambalala ngati zinzake. Inali yozungulira, yophwatalala, pakati pali dzenje momwe munali zopukusa mphepo, kutsogolo kuli kachipinda ka woyendetsa, kumbuyo kamchira kakang'ono. Ati inkayenera kunyamuka choimirira, osathamanga kaye. Yusufu anasuzumira pa windo ali ndi cheka chodulira maluwa m'manja, ndipo anafuula kuti, "Achimwene, kani Ajeremani nawonso ankatamba!" Tinaseka mpaka kugwira m'mimba. Madala atafunsa, tinamuuza kuti kwathu anthu amati mfiti zimauluka pa lichero lopetera mpunga. Anafunsa ngati lichero lake limafuna petulo, ndipo Yusufu anamuyankha kuti zimenezo akafunse eni ake.

Nthawi imeneyo manja a Madala anali atafika poipa, moti zidutswa zoyamba kutuluka m'chikombole anandipatsa ine kuti ndiyese kumanga ndege yonse ndekha. Ndinali ndisanamangepo, ndinkangothira ndi kulonga. Inanditengera Loweruka lambirimbiri. Choyamba umatsuka zidutswa ndi sopo wa mbale kuti penti adzagwire. Kenako umacheka zotsalira za pothirira, n'kupala ndi sandipepa wonyowa, chifukwa fumbi la rezini likalowa m'chifuwa silituluka. Mbali ina ya licherolo inatuluka yopindika, ndinaiviika m'madzi otentha n'kuiwongola ndi manja pang'onopang'ono. Timabowo ta thovu ndinkatimata kamodzikamodzi ndi nsonga ya singano, kupala, kuyang'ana pa dzuwa, kupezanso kena. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ine amene kwathu ankandidziwa ndi mtima wapachala ndinadekha mpaka kudabwa ndekha. Kagalasi ka kachipinda ka woyendetsa ndinakaononga ndi guluu, kanachita mbuu ngati diso la nsomba yowola, ndipo Madala anangotulutsa kena m'thumba la malaya, ati ankadziwa kuti zitero.

M'kachipindamo tinaikamo woyendetsa, kamunthu kotalika ngati njere ziwiri za mpunga. Ndinakapenta nkhope ndi tsitsi limodzi la burashi, nditagwira mpweya. Pamwamba pa ndege ndinapopera penti wobiriwira wosakaniza ndi wotuwa, kunsi wamtambo, ndipo pomaliza ndinamata timitanda takuda, chizindikiro cha ndege za Ajeremani. Tsiku limene inaima pa mateyala ake atatu, Madala anaizungulira kawiri, kenako anandigwira paphewa ndi dzanja lake lonjenjemera lija. Ndinanyada. M'moyo mwanga ndinali ndisanapangepo chinthu chokongola chimene sichidyedwa.

Ana a Madala atabwera kudzamutenga kuti akakhale nawo kufupi ndi nyanja yamchere, nyumba inagulitsidwa, galaji inatsekedwa. Ine ndinaona kuti nthawi yobwerera yakwana. Potsanzikana, Madala anandipatsa bokosi lodzaza thonje, mkati muli lichero lija. "Malawi, iyi ndi yako," anatero. Yusufu anapukusa mutu, ati chinthu chimenechi chisafike kumudzi. Ine ndinamuseka. Ndinayenda nalo pamiyendo ulendo wonse, osalola kondakitala kulikhudza.

Kumudzi ndinapeza nyanja itabwerera, ndipo anthu atasintha. Shakira amene ndinamusiya kumbuyo anali mtsikana wa sukulu, anandigwadira patali ngati mlendo, chifukwa mawu anga ankawadziwa pa foni koma nkhope ayi. Asiyatu anali atayamba kugula ndi kugulitsa mpunga, wanenepa, akulamula anyamata a njinga ndi mawu amene ine sindinkawadziwa. Mlongo wake wamkulu, alamu anga Che Twaibu, amene ndi mwinimbumba pabanjapo, anali ndi mabwato awoawo. Nyumba inali itaima, ya njerwa zootcha, malata akuwala. Ndinaizungulira ngati mmene Madala anazungulirira ndege ija. Bokosi ndinaliika pamwamba pa kabati, ndipo masiku ena ndikatsala ndekha ndinkalitsegula kuyang'ana.

Chakudza sichiimba ng'oma. Mng'ono wake wa Asiyatu anabwera kudzathandiza kukolopa, anakwera pa mpando kupukuta kabati, n'kutsegula bokosi. Ati anaona lichero la mateyala, muli kamunthu kakumuyang'ana. Sanakuwe, anangotsika n'kupita ku mjigo, ndipo kumeneko n'koipa kuposa kukuwa. Sabata isanathe nkhani inali ku chigayo, ku doko, mpaka ku msika wa Songani. Zinagwirizananso ndi nthawi. Maukonde a Che Twaibu anali akubwera opanda kanthu, ndipo azakhali ena anali akudzuka thupi likuphwanya ngati ayenda mtunda wautali ali m'tulo. Anthu anayamba kuwerengera okha: munthu anapita ku Joni wopanda kanthu, malata akubwera, njinga ikubwera, kani ankayendera chimenechi. Amene ankabwera kudzapempha shuga analeka. Ku mzikiti munthu woyandikana nane ankasiya mpata woti n'kudutsa mbuzi.

Ine poyamba ndinkaseka. Ndinasiya kuseka tsiku limene Asiyatu anabwera kuchokera kwa mayi ake nkhope ili gwa.

"Bambo a Shakira, mawa m'mawa akukufunani kwa amayi. Mubwere ndi chinthu chanucho."

"Akufuna aone kukongola kwake?"

"Musachite nthabwala. Achimwene akuti ngati zili zimene anthu akunenazi, mubwerere kwanu kwa Kuntumanji."

Mtima wanga wapachala uja unabwerera tsiku lomwelo. Ndinati chabwino, sindidikira kuthamangitsidwa ngati galu wakuba mazira. M'mawa ndinamanga chikwama changa pa njinga, bokosi pamwamba, n'kukankha njingayo mpaka kwa apongozi kuti aone kuti ine ndakonzeka. Koma kunena zoona m'kati ndinali ndi mantha. Ndinkayang'ana m'mbuyo malata aja, ndi Shakira amene anali atangoyamba kundizolowera.

Tinakhala pansi pa mtengo wa mango, abale okhaokha, ngakhale kumpanda kunali mitu yambiri yosaitanidwa. Apongozi anakhala pa mkeka chapatali atatembenukira kumbali, monga mwa mwambo, popeza ine ndi iwo sitinkayang'anana kapena kulankhulana mwachindunji chikwatirireni mwana wawo. Nditatsegula bokosi, amayi ena anasuntha ndi matako kubwerera m'mbuyo.

Ndinafotokoza zonse, za Madala, za rezini, za nkhondo, za mapepala. Koma ndikamafotokoza ndi pamene ndinkadzikumbira dzenje.

"Alamu," anatero Che Twaibu, "mukuti ndege imeneyi Ajeremani eni ake inawakanika?"

"Eya, sanaipange n'komwe."

"Azungu a mafakitale awo inawakanika. Nanga inu, msodzi wa matemba, mwaitha bwanji?"

Kumpanda kunamveka "Eeeh!" Ndinati iyi siuluka, ndi chidole. Anafunsa kuti munthu wa ndevu amasunga chidole m'thonje chifukwa chiyani. Anafunsa kuti kamunthu kali mkatiko ndi ndani, ndipo kamadya chiyani. Anafunsa za timitanda, kuti Msilamu ndi mitanda zinakumana kuti. Wina anati chiotchedwe basi. Pamenepo ndinakana kwamtuwagalu. Ndinkadziwa kuti rezini akapsa amatulutsa utsi wakuda wonunkha moipa, ndipo utsi umenewo ukanakhala umboni wawo wonse.

Apongozi ananong'oneza Asiyatu, ndipo Asiyatu ananena mokweza, osandiyang'ana. "Amayi akuti zinthu zoterezi mphamvu yake imakhala m'mimba. Ngati mulibe kanthu, aching'ambe tione."

Anabweretsa sowo yodulira zitsulo ya Che Twaibu. Ndinaigwira, ndinayang'ana ndege yanga. Ndinakumbukira timabowo tonse timene ndinamata ndi singano, ndi dzanja la Madala paphewa panga. Ndikanatha kutseka bokosi, kukwera njinga, ndege n'kukhala yathunthu mpaka lero kwa Kuntumanji. Ndinayang'ana Asiyatu, ndipo ndinaona kuti milomo yake ikunjenjemera, mkazi amene sanalire tsiku limene ndinkapita ku Joni. Ndinaika ndegeyo pa mtondo wogadabuza n'kuyamba kucheka, kuchokera kumphuno kupita kumchira. Zinandipweteka kwambiri, sindibisa. Penti ankasendeka, fumbi loyera likugwera pa mapazi anga, ndipo ine amene ndinkaopa fumbi limeneli ndinalibe nazo ntchito.

Inagawika pawiri. M'kati munali moyera mbee, mogwirana ngati chinangwa chouma, mopanda magazi, mopanda tsitsi, mopanda kanthu. Ndinayamba kupuma. Kenako kumphuno kunagwa kanthu kakuda kozungulira, kanagubuduka n'kukaima pakati pa bwalo.

Mng'ono wa Asiyatu anakuwa. Kumpanda anthu anagwerana. Ine mutu unaima, chifukwa kanthu kameneka ndinali nditakaiwaliratu. Che Twaibu anakagwedeza ndi kamtengo, anakayang'anitsitsa, kenako anakatola ndi dzanja n'kukayeza kulemera. Anakaonetsa ku dzuwa, ndipo kuwala kunadutsa pa kabowo ka pakati.

"Uwutu ndi mtovu wa mbedza," anatero. "Wopangitsa chingwe kumira."

Pamenepo ndinakumbukira. Ndegeyo itangotha kumangidwa inkakhalira mchira, mphuno m'mwamba, ndiye Madala anatenga mtovu m'bokosi lake lowedzera nsomba, ine n'kuboola kumphuno, kuulowetsa ndi kumata. Ndinawafotokozera choncho. Che Twaibu anandiyang'ana, anayang'ananso mtovu, ndipo mapewa awo anayamba kugwedezeka.

"Alamu, ndiye mwanyamula mtovu kuchokera ku Joni? Mfiti yanji yomangirira mtovu ku ndege yake? Imeneyi ikanagwa pa doko la Kachulu pomwepa!"

Anaseka mpaka kugona chagada, ndipo bwalo lonse linatsatira. Zidutswa ziwiri zija zinayamba kuyenda m'manja. Azakhali a thupi lophwanya aja anagogoda chimodzi ndi chikhadabo n'kunena kuti ndi ngati sopo wakale. Ena anapempha kuona kamunthu, ndipo atakaona anakamvera chisoni kuti kakhala m'kagalasi zaka zonsezi kopanda mpweya. Che Twaibu anaika mtovu m'thumba lawo, ati alipire nawo sowo.

Koma apongozi anali asanaseke, ndipo mawu omaliza anali awo. Anatambasula dzanja, Asiyatu anawapatsa zidutswa zonse ziwiri. Anazitembenuza, anazinunkhiza, anasisita penti ndi chala kwa nthawi yaitali, anaziphatikiza kuona mmene zinalili. Ine ndinali nditagwira chishalo cha njinga yanga.

"Asiyatu," anatero, "zaka zonse zija anthu ankandiuza kuti mwamuna wako akudya moyo ndi akazi a ku Joni. Kani ankakhalira kupala timapulasitiki?"

Anthu anasekanso, koma iwo anakweza dzanja. Kenako anatembenuka pa mkeka paja, pang'onopang'ono monga amachitira okalamba, mpaka anayang'anana nane maso ndi maso. Ndinagwetsa nkhope msanga.

"Bambo, pepani kandege kanu, kanali kokongola," anatero. "Mawa mulawire. Kumunda kwa Asiyatu kukulowa madzi, ndipo mizere ya m'mbali sinakonzedwe."

Mkamwini akayamba kuuzidwa za kumunda ndiye kuti mlandu watha. Ndinawomba m'manja nditagwada, ndinamasula chikwama pa njinga, Shakira n'kuchisenza pamutu kubwerera nacho kunyumba. M'mawa mwake dzuwa linandipeza m'matope mpaka m'maondo, msana ukupweteka, ndikuseka ndekha ngati wamisala.